Musathamangire kufomata, kompyuta nayo ili ndi pulagi yake

Iyi ndi yaitali, nde ngati muli pantchito isungeni mudzawerenge madzulo mphepo ikamawomba.

Pali mawu amene andikwana: "ingoifomatani." LibreOffice ikadzitseka yokha munthu ali pakati polemba kalata yofunsira ntchito, akuti ingoifomatani. Firefox ikasowa pasikirini osatsanzika, ingoifomatani. Ine ntchito yanga ndi mainjini a boti, ma Yamaha Enduro a 15 ndi a 40 mumawadziwa aja. Mwini boti atabwera ndi injini yomwe yamuzimira pakati panyanja, ine osamasula olo pulagi, osanunkhiza mafuta, nkungonena kuti "tiiphwasule yonse," bamboyo anganyamule injini yake paphewa nkupita kwa mekaniki wina. Ndipo angachite bwino. Koma pakompyuta timavomera zimenezi, kulipira tikulipira, nkumathokozanso. Ine ndikuti kufomata usanadziwe chomwe chavuta si kukonza ayi, ndi kuwombeza.

Nkhaniyi yafika pakhomo pathu chifukwa chake nchodziwika. Pa 14 October 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komanso processor yatsopanoko, ndipo malaputopu ambiri a kaunjika omwe tili nawo kuno, ma ThinkPad, ma EliteBook ndi ma Latitude akalekale omwe azichimwene athu amatitumizira kuchokera ku Joni, sakwanitsa zimenezo. Nchifukwa chake anzathu angapo aikamo Linux, ena Ubuntu ena Linux Mint. Ndi yaulere, si yakuba, ndipo makina okalamba amapumako nayo. Anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991 ali mwana wasukulu ku Helsinki. Ubuntu inatuluka mu 2004, mwini maganizo ake Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi umunthu wathu womwewu m'zinenero za kumeneko. Koma chimene ndimaikondera ine si ulerewo. Linux imalemba. Chilichonse chochitika mkati mwake imalemba, ndi nthawi yake yomwe, ndipo siibisira mwini wake. Ukafomata wawotcha buku lomwe munali yankho lako.

Choyamba tisiyanitse, chifukwa mawu oti "yazima" amabisa zinthu zambiri. Msodzi akandiuza kuti injini yazima ndimamufunsa: inazima kamodzi ngati wakoka chingwe cha kill switch, kapena inayamba yatsokomola kaye? Inali itayenda nthawi yaitali bwanji? Mafuta munagula kwa ndani? Mayankho amenewa ndi theka la ntchito. Kompyuta nayonso chimodzimodzi. Pali pamene pulogalamu imodzi yokha yatsekeka koma zina zonse zikuyenda. Pali pamene sikirini yonse yauma, mouse osasuntha. Pali pamene makina onse athima ngati wazula chaja. Awa ndi matenda osiyana. Sikirini ikauma dinani Caps Lock muone ngati kanyali kake kakuyaka ndi kuzima. Ngati kakuyankha, mkati mukadali moyo, ndipo nthawi zambiri Ctrl+Alt+F3 ikutengerani pasikirini yakuda pomwe mungalowe ndi dzina ndi password yanu nkuona chomwe chagwira. Kuthima kwa makina onse kawirikawiri ndi kutentha, batire kapena chaja. Zimenezo fomati sizikhudza nkomwe.

Tsono pulogalamu imodzi ikamafa yokha, musaitsegulenso podina kachithunzi kake. Kachithunzi kaja kali ngati chivundikiro cha injini, phokoso lonse limathera mkati. Dinani Ctrl+Alt+T, itseguke terminal, kawindo kakuda kamene ambirife timakaopa ngati manda kaja. Lembani dzina la pulogalamuyo, kaya firefox, kaya vlc, kaya gimp, kaya libreoffice, nkudina Enter. Itseguka monga mwa masiku onse. Chitani zomwe mumachita zija mpaka ife. Ikafa bwererani pakawindo kakuda muwerenge mizere yomaliza. Apa ndiye mwamasula pulagi.

Amene munakhalapo pashedi panga mukudziwa kuti pulagi siinama. Yakuda yonyowa ikunena zina, yoyera ngati phulusa ikunena zina, yokhala ndi timadontho ta madzi ikunena kuti mafuta aja anali osakaniza. Mawu omaliza a pulogalamu alinso choncho. Mukaona Segmentation fault, kapena Signal 11, ndiye kuti pulogalamu inagwira malo a memory omwe si ake, ngati munthu woponya ukonde pamwamba pa ukonde wa mnzake, nde Linux yaithamangitsa. Mukaona Aborted, pulogalamuyo yaona yokha kuti zasokonekera nkudziimitsa, ndipo kawirikawiri mzere wapamwamba pake umanena chifukwa. Mukaona error while loading shared libraries, pali kachidutswa kamene pulogalamuyo imadalira koma kakusowa, dzina lake lili pompo. Illegal instruction nthawi zambiri ikutanthauza kuti pulogalamuyo inapangidwira processor yatsopano kuposa yanuyo. Pali mawu enanso amodzi, afupi kwambiri, amene ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa ndi amene ndimakumana nawo kwambiri pamalaputopu athuwa: Killed.

Killed sakutanthauza kuti pulogalamu yadwala. Yaphedwa dala, ndipo waipha ndi Linux yemweyo. Ana a asodzi mumvetsa msanga. Boti ladzaza usipa, mwera wayamba, madzi akulowa m'mbali. Woyendetsa wanzeru sadikira kuti nonse mumire, amalamula kuti katundu wolemera kwambiri aponyedwe m'madzi. Linux imachita zomwezo RAM ikadzaza. Imayang'ana yemwe wadya malo ambiri nkumutaya kuti makina onse asamire. Ndipo wodya malo ambiri nthawi zambiri ndi browser. Laputopu ya 4GB, mwatsegula WhatsApp Web, YouTube, Facebook, matab ena khumi a zotsatira za mpira, kwinaku mukulemba mu LibreOffice. Boti lake lomwelo laling'ono. Nthawi zina Firefox yonse imapita, nthawi zina tab imodzi yokha nkulemba kuti yagwa. Ubuntu 22.04 itatuluka mu April 2022 inabwera ndi mlonda wina wotchedwa systemd-oomd yemwe amataya katundu msangamsanga boti lisanafike pomira, ndipo anthu ambiri anadandaula kuti mabrowser awo akungotsekeka okha mpaka eni ake anamuchepetsa ukali. Nde onani, nthawi zina si inu, si laputopu yanu, ndi mmene anaikonzera.

Kuti mutsimikize lembani free -h muone malo otsala pansi pa available. Kapena tsegulani System Monitor muzionerera mzere wa memory ukukwera pamene mukutsegula matab. Tsono ndiuzeni aphwanga, munthu akafomata laputopu imeneyi wasintha chiyani? Wapenta boti, koma kukula kwake nkomweko. Mawa mudzakwezanso katundu yemweyo, mudzamiranso pomwepo. Mankhwala ake ndi kuchepetsa matab, kuona kuti swap ilipo, kusamukira ku mtundu wopepuka ngati Linux Mint Xfce kapena Lubuntu, kapena ndalama ya fomati ija kuiwonjezera nkugula RAM ina. Malaputopu ambiri akalewa ali ndi mipata iwiri ya RAM, ndipo ena kachitseko kake kali pansi pomwepo, sikulu imodzi kapena ziwiri basi.

Buku lomwe ndinanena lija limawerengedwa ndi journalctl. Pulogalamu ikafa, chinthu choyamba yang'anani wotchi. Nthawi ndiye nyambo yake. Kenako lembani journalctl -e ndipo ikufikitsani kumapeto kwa bukulo. Kwerani ndi mivi mpaka pa miniti yomwe zinachitikira. Ngati makina anauma mpaka munachita kuthimitsa ndi batani, lembani journalctl -b -1 -e kuti muone mapeto a ulendo wapitawo, osati uno mwangoyatsawu. Mizere ndi yambiri ndipo yochuluka ndi phokoso chabe, ina yofiira koma yosaopsa. Musachite nayo mantha. Injini yabwinobwino nayo imalira mosiyanasiyana, khutu limazolowera. Inu sakani mawu ochepa: Out of memory, segfault, I/O error, temperature above threshold, No space left on device, GPU hang. Mukapeza amodzi mwa amenewa pafupi ndi miniti yanu ija, mwagwira mchira wake.

Tibwerere ku Segmentation fault, chifukwa apa pali funso limodzi lomwe limagawa njira pawiri. Ikufa ndi pulogalamu imodzi yokha, kapena lero iyi mawa ina?

Ikakhala imodzi, makina anu mwina ali bwino. Pulogalamu iliyonse imasunga makonda anu mu kafoda kobisika, ndipo kafoda kameneka kamawonongeka, makamaka magetsi akathima ili mkati molemba. LibreOffice ili ndi Safe Mode pansi pa Help, kapena lembani libreoffice --safe-mode. Firefox ili ndi Troubleshoot Mode yomwe imayamba popanda ma extension onse. Ikayenda bwino mmenemo ndiye kuti vuto lili mu makonda kapena mu extension ina yomwe munaika kuti muzidawunilodera mavidiyo. Njira ina yosavuta ndi kupanga user watsopano nkuyesa pulogalamuyo kumeneko. Ndi mmene ndimachitira ndi thanki. Injini ikamavuta ndimailumikiza ku thanki yanga ya mafuta omwe ndikuwadziwa. Ikalira bwino, injini ilibe mlandu, tikayang'ane thanki yanuyo. Kwa LibreOffice kafoda kaja kali mu .config/libreoffice m'nyumba mwanu mwa Home. Musakafufute, ingokasinthani dzina, pulogalamu ipanga katsopano, ndipo zikakanika mubwezeretsa dzina lakale. Yesaninso fayilo ina. Nthawi zina pulogalamu ilibe vuto, fayilo imodzi yochokera pa fulashi ya mnzanu ndi imene yavunda. Ngati imafa pokhapokha mukamaonera vidiyo, zimitsani hardware acceleration mu Settings ya browser muone. Pa Ubuntu 22.04 ndi 24.04 mungathenso kusankha Xorg m'malo mwa Wayland pa kagiya kamene kali pasikirini yolowera. Koma chonde, sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Mukasintha pulagi, fyuluta ndi kabuleta nthawi imodzi injini nkulira, simudziwa chomwe chinali chakufa, ndipo mwagula zinthu ziwiri pachabe.

Zikamafa zosiyanasiyana mopanda dongosolo, lero Firefox, mawa VLC, mkuja System Monitor yeniyeniyo, ndiye siyani kukayikira mapulogalamu. Anthu osiyana omwe analemba mapulogalamu onsewo sangalakwitse tsiku limodzi. Kawirikawiri vuto limakhala mu chitsulo. Mlongo wina kwathu kuno ndi mlembi wa banki m'khonde, komanso amasunga mabuku a mayi ake a geni ya usipa: zigoba zomwe zapita ku Limbe, amene watenga pangongole, alovi omwe atapa ndalama asanalowe m'madzi. Laputopu yake inafomatidwa kawiri pa trading centre. Ulendo woyamba mafayilo a miyezi ingapo anapita, ndipo mukudziwa mmene zimakhalira ngongole ikasowa polembedwa, aliyense amakumbukira yochepa. Gulu linatsala pang'ono kumuganizira zakuba mwana wa eni ake. Patangopita masiku vuto linabwerera. Atabwera nayo kuno tinayatsa memtest86+, kapulogalamu kamene kamayesa RAM kachidutswa ndi kachidutswa, kamapezeka pa menu ya GRUB poyatsa kapena pa fulashi yoikira Linux. Pasanathe ola sikirini inali ndi mizere yofiira. Munali timitengo tiwiri ta RAM. Tinachotsa kamodzi nkuyesanso, kofiira. Tinasinthanitsa, mbee mpaka m'mawa. Kamtengo kamodzi kakufa, basi. Akanaifomata kakhumi, kakhumi konse ikanabwerera. Mukamayesa RAM musathamange, isiyeni izungulire maulendo angapo, bola usiku wonse ngati magetsi alola. Nthawi zina kamtengoko sikanafe, kangochita dzimbiri m'mano chifukwa cha chinyezi cha kunyanja kuno, nde kukachotsa, kupukuta bwino ndi kukabwezera kumathetsa nkhani.

Kutentha ndiye mdani wathu weniweni. Injini ya boti imadziziziritsa ndi madzi a m'nyanja, ndipo mlovi aliyense amadziwa kuyang'ana kamkodzo kamadzi kamene kamatuluka kumbuyo. Kakasiya, kaya jumbo yatseka polowera madzi kaya impeller yatha mano, zimitsani msanga. Laputopu kamkodzo kake ndi mpweya wotuluka pambali. Ikani dzanja. Ngati fani ikulira ngati ndege koma mpweya ukutuluka wochepa, mkati mwatsekeka ndi fumbi, mchenga, ulusi wa bulangete, ndipo a ku Nkhotakota wonjezeranipo nkhungu zomwe zimathamangira kuwala kwa sikirini usiku. Ndiye tili ndi chizolowezi choika laputopu pamatilesi nkumaonera filimu. Imeneyo ndi jumbo pa polowera madzi. Ikani lm-sensors nkulemba sensors muone madigiri. Ma processor ambiri a Intel a m'malaputopu malire awo ali cha pa 100, akayandikira pamenepo amadzichepetsa liwiro, zikapitirira makina amadzithimitsa. Mwezi wa October kuno, m'nyumba ya malata masana, laputopu yotsekeka fani siichedwa kufika kumeneko. Ngati yanu imavuta masana koma m'bandakucha imayenda bwino, mwadziwa kale. Kutsegula, kupukuta fani ndi kabulashi, kusintha thermal paste yomwe inauma kalekale, ndi ntchito yochepa kuposa kutsuka kabuleta.

Hard disk nayo imakalamba, makamaka zozungulira zija zomwe zakwera kabaza ndi matola zaka zambiri. I/O error mu buku lija ndi chizindikiro chake. Tsegulani Disks muone SMART Data. Ikamanena za bad sectors ndipo nambala ikukwera, siyani zonse, koperani mafayilo anu lero lomwe. Kufomata disk yodwala ndi kuikakamiza kulemba zinthu zambiri nthawi imodzi, mwina nkufera m'manja mwa wofomatayo.

Pali kenanso kochititsa manyazi kuphweka kwake. Kangati anthu andibweretsera injini kuti imalira mphindi zochepa nkuzima, ine nkungopotokola kasikulu ka mpweya pa chitsekero cha thanki, nkhani yatha? Pakompyuta kasikulu kameneko ndi disk yodzaza. Lembani df -h muyang'ane mzere wothera ndi / basi. Ukakhala pa 100%, mapulogalamu alibe polemba ngakhale kanthu kakang'ono, amangogwa, mwina mpaka kukanika kulowa nkomwe. Mafilimu a ku Nigeria, ma series, mavidiyo a ukwati wa chaka chatha. A Linux Mint yang'ananinso Timeshift, ndi yabwino kwambiri pobwezeretsa zinthu mmene zinalili, koma ikasunga ma snapshot ambiri pa disk yaing'ono imadya malo mwakachetechete.

Funso lomwe ndimafunsa aliyense, wa injini kaya wa laputopu, ndi lakuti chasintha nchiyani. Dzulo imayenda, lero ayi, pakatipa panachitika chiyani? Anthu amayankha kuti palibe, koma buku limanena. Fayilo ya /var/log/apt/history.log imalemba zomwe zinaikidwa kapena kusinthidwa kudzera mu apt, ndi tsiku lake. Ambirife malaputopu athu batire inafa, amadalira chaja ngati wodwala wa drip. Magetsi akathima update ili pakati, kapena bandulo ikathera panjira, zinthu zimatsala theka. Mankhwala ake ndi mizere iwiri: sudo dpkg --configure -a kenako sudo apt --fix-broken install ndipo imamaliza pomwe inalekera. Ngati mavuto anayamba itangosintha kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, yakale imakhala ikadalipo. Poyatsa gwirani Shift kapena dinani Esc, sankhani Advanced options, tengani kernel yakaleyo. Ikayenda bwino ndi yakaleyo mwapeza wolakwa popanda kutaya fayilo olo imodzi. Ndipo inu a mabatire akufa, musamayambe update mitambo ya magetsi isakuoneka bwino.

Ndikudziwa zomwe ena mukunena muli kuwerenga. "Man, zonsezi nza Chingerezi, ife kompyuta kusukulu tinkangoionera pawindo la ofesi ya ahedi." Zoona. Inenso ndinalekera Folomu 4 ya ku day. Koma buku la Yamaha lili m'Chichewa? Madala athu ena sanafike Sitandade 8 koma amadziwa jet, float, gasket, propeller, ndipo amamva ndi khutu kuti injini ikudya mpweya. Mawu omwe ndatchula muno si ambiri. Mayina a osewera a Arsenal mpaka a pabenchi mumawadziwa pamtima. Chimene chimatilepheretsa si Chingerezi, ndi mantha omwe tinapatsidwa oti kompyuta ndi ya anthu a m'tauni, iwe ukagwira uwononga. Malamulo owerengera ngati free, df, sensors ndi journalctl mmene ndawalembera muno sawononga kanthu, amangoonetsa. Osamala nawo ndi oyamba ndi sudo, makamaka mukawapeza pa intaneti osadziwa ntchito yake. Mukaona sudo ndi rm zili limodzi, imani kaye mufunse, chifukwa chofufutidwa ndi rm sichipita mu Trash.

Ena akuti bola kubwerera ku Windows. Ngati ntchito yanu ndi ya CorelDRAW kapena Photoshop, kusindikiza makadi a ukwati ndi ma banner a mipingo, ndikumvetsani, zimenezo pa Linux palibe, ndipo Inkscape ndi GIMP zimafuna kuphunziranso. Ma printer ena ndi makadi ena a WiFi amavutadi. Sindikugulitsa Linux ngati mankhwala a pa basi ochiza chilichonse. Koma RAM yakufa, fani yotsekeka ndi disk yokalamba zimakutsatirani kulikonse. Windows idzangokupatsani sikirini ya buluu m'malo mwake. Ndipo nthawi yoikanso Linux mwatsopano iliko ndithu: mwagula disk ina, kapena mtundu womwe muli nawo unasiya kulandira ma update, kapena munthu anaseweretsa sudo mpaka zinthu zinasakanikirana ngati ukonde wokodwa m'miyala. Overhaul nanenso ndimachita. Koma ndimachita nditayeza compression, ndipo ndimamuuza mwini wake chifukwa chake. Isanafike nthawi imeneyo, yatsani laputopu ndi fulashi ya Linux, sankhani kuyesa osati kuika, koperani foda yonse ya Home pa disk ina. Fulashi yomweyo ndi chida choyesera: ngati vuto likuchitikanso muli pa fulashi, ndiye si Linux ya mu disk yanu yomwe yalakwa.

Kwa anzanga okonza makompyuta m'ma trading centre, sindikukunyozani. Ndikudziwa chifukwa chake. Fomati ndi ola limodzi, mtengo wake ndi wodziwika, kasitomala amaona sikirini yatsopano nkusangalala. Kufufuza kumatenga tsiku, ndipo ukamuuza munthu kuti ndangochotsa mafilimu ako, safuna kulipira, amati sunagwire ntchito. Ifenso zimatichitikira ndi kasikulu ka thanki kaja. Koma apa makasitomala ndi amene tiyenera kusintha. Lipirani munthu chifukwa wapeza vuto, osati chifukwa watuluka thukuta. Ndipo mukamapereka laputopu funsani mafunso omwe bambo anga amafunsa mekaniki aliyense: mwapeza chiyani, ndionetseni. Ine ndikasintha impeller yakaleyo ndimaipereka m'manja mwa mwini boti aone yekha mano ake. Wokonza kompyuta akuonetseni mzere wa mu log, kapena chithunzi cha memtest, kapena madigiri a sensors. Akati "inali ndi ma virus" pa Linux popanda chokuonetsani, nyamulani katundu wanu.

Nthawi zina mufufuza zonse nkupeza kuti makina ali bwino, makonda ali bwino, koma pulogalamu imafabe nthawi iliyonse mukachita chinthu chimodzimodzi. Ndiye kuti analakwitsa ndi olemba pulogalamuyo, ndipo kukoma kwa zinthu za open source nkwakuti mungathe kuwauza. Kawindo ka Ubuntu kaja konena kuti System program problem detected, ambiri timakatseka mothamanga ngati ngongole. Kameneko ndi Apport, kamasonkhanitsa umboni mu /var/crash kuti katumize kwa okonza. Mu Firefox lembani about:crashes pamalo pa adiresi muone malipoti ake. Ngati bandulo ilipo tumizani. Koma ngati pulogalamu inafa muli ndi fayilo ya ndalama za gulu kapena zachinsinsi, ganizani kaye, chifukwa lipotilo limatha kunyamula zidutswa za zomwe zinali mu memory nthawi imeneyo. Olemba mapulogalamuwa ambiri ali ndi makina atsopano m'zipinda zozizira. ThinkPad ya zaka khumi yomwe ikugwira ntchito pa 4GB ku Malembo sangaidziwe ngati ife sitinena.

Alembi a magulu, a BVC ndi inu olemba ma assignment, pamene mukufufuza ntchito isaime. Mu LibreOffice pitani ku Tools, Options, Load/Save, General, muonetsetse kuti AutoRecovery yachongedwa, mphindi zake muzichepetse zifike 5. Ctrl+S izikhala ngati kukapa madzi m'boti, osadikira kuti afike m'mawondo. Fayilo ya ngongole izikhala malo awiri, pa laputopu ndi pa fulashi yomwe simubwereketsa.

Amene mumanditumizira mauthenga oti "man laputopu ikungozima, nditani," ndithandizeni kuti ndikuthandizeni. Ndiuzeni ndi Ubuntu kapena Mint, nambala yake, RAM ndi yochuluka bwanji, pulogalamu iti, mumatani pamene imafa, inali nthawi yanji, ndipo jambulani ndi foni mizere yomaliza ya pa terminal, chithunzi chooneka osati cha mdima. Loweruka masana maboti akakhala pamtunda ndimakhala pashedi. Bwerani ndi chaja yake ndi fulashi yopanda kanthu, ndipo musaifomate musanabwere. Tumizani uthengawu kwa mlembi wa gulu lanu.